Kugawana Chikhulupiriro Pakati pa Anthu Osiyanasiyana: Zimene Tingaphunzire kwa Akhristu Amene Anatitsogolera



Cholinga cha phunziro ili

Tikufuna kuona m'mene Akhristu anafikitsira uthenga wawo m'mizinda ndi m'malo a anthu a mitundu yosiyanasiyana, kuyambira nthawi ya atumwi mpaka kuno kwathu, ndi kudzifunsa kuti ife Abahá'í a ku Neno tingatengepo chiyani pa utumiki wathu. Tiziwerenga mokweza, ndime imodzi munthu mmodzi, ndipo tiziima pa mafunso kuti aliyense alankhulepo. Ena mwa ife m'gulu lino ndi Akhristu, ena ndi Asilamu. Phunziroli ndi lathu tonse.

Gawo 1: Dera lathu silili monga kale

Munthu akaima pa Zalewa m'mawa, pomwe msewu wa M1 umakumana ndi wa M6 wopita ku Mwanza, amamva zilankhulo zingapo asanamalize kumwa tiyi. Pali amayi ogulitsa mananchesi, anyamata otsitsa matumba a mbatatesi kuchokera kumapiri a kwa Dambe, ndi madalaivala a matiraki ochokera ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Pali Angoni, Amang'anja, Alhomwe, Ayao ndi Asena. Lachisanu ena amapita kumzikiti, Loweruka ena kutchalitchi cha Seventh Day, Lamulungu ena ku Katolika, ku CCAP, ku Anglican, kapena kumapemphero a chipentekosite m'kalasi ya pasukulu.

Chichokereni mu 2003, pamene Neno inapatuka ku Mwanza n'kukhala boma payokha, kwabwera anthu ambiri antchito: anamwino, aphunzitsi, apolisi, alangizi. Ku Luwani kunakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo msasawo utatsekedwa mu 2007 unatsegulidwanso mu 2016. Nafenso timachoka. Palibe banja m'gulu lino limene lilibe mwana kapena mlongo ku Ndirande, ku Mbayani, ku Lilongwe kapena ku Joni.

Choncho funso la m'mene tingagawanire chikhulupiriro ndi munthu amene si wa mtundu wathu, si wa chilankhulo chathu, ndipo ali kale ndi chipembedzo chake chimene amachikonda, si funso la anthu a m'tauni okha. Lafika pakhomo pathu.

Mafunso:
1. Tchulani mitundu ya anthu ndi zipembedzo zimene zili m'nyumba khumi zoyandikana ndi yanu.
2. Mwa nyumba zimenezi, ndi zingati zimene munalowamo kukacheza chaka chino, kupatula nthawi ya maliro?

Gawo 2: Atumwi m'mizinda

'Abdu'l-Bahá ankakonda kukumbutsa abwenzi za ophunzira a Yesu Khristu, makamaka Petro ndi Mariya wa ku Magadala. Ankawatchula monga chitsanzo cha anthu wamba, opanda chuma ndi maphunziro apamwamba, amene anadzuka ndi kusintha dziko. Tiyeni tione zinthu zitatu zimene buku la Machitidwe a Atumwi limasimba.

Choyamba, Paulo atafika ku Korinto, mzinda wa padoko wodzaza amalonda a mitundu yonse, sanayambe ndi kumanga nyumba yopemphereramo. Anapeza banja la Akula ndi Priskila, osoka mahema ngati iye, nakhala nawo, nagwira nawo ntchito. Anakhala mumzindawo chaka chimodzi ndi theka. Anthu anayamba amudziwa ngati mnansi wodya thukuta lake, kenako ndi pomwe anamudziwa ngati mphunzitsi.

Chachiwiri, ku Filipi mpingo unayambira m'mbali mwa mtsinje, pomwe amayi ankasonkhana kupemphera. Mmodzi wa iwo, Lidiya, wogulitsa nsalu, anatsegula nyumba yake. Mipingo yoyamba inali ya m'nyumba za anthu, ndipo kawirikawiri khomo ankatsegula ndi amayi.

Chachitatu, kusiyana kwa mitundu kunabweretsa mavuto ngakhale pakati pa okhulupirira. Ku Yerusalemu, Ayuda olankhula Chigiriki anadandaula kuti amayi awo amasiye akuiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanabise dandaulolo, kapena kunena kuti odandaulawo alibe chikhulupiriro. Anaitana gulu lonse, ndipo linasankha amuna asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo. Mayina a onse asanu ndi awiriwo ndi a Chigiriki. Zikuoneka kuti udindo unaperekedwa kwa mbali imene inkadziona kuti yasiyidwa.

Mafunso:
1. N'chifukwa chiyani Paulo anagwira ntchito ya manja pamene akanatha kudalira zopereka?
2. M'dera lathu, ndani amene angamve kuti akuiwalidwa pa zochita zathu? Ganizirani za chilankhulo, msinkhu, kutha kuwerenga ndi mtunda.

Gawo 3: Mipingo inafika bwanji kuno kwathu

Amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Zaka zoyamba sizinayende bwino. Amishoni ena anadzitenga ngati mafumu ndi oweruza, mpaka kumakwapula anthu. Mpingo wa ku Scotland womwewo unafufuza nkhaniyi, ndipo mu 1881 unachotsa atsogoleriwo. Amene anabwera m'malo mwawo, David Clement Scott, anayenda njira ina. Anaphunzira Chimang'anja mozama mpaka kutulutsa buku lomasulira mawu ake mu 1892, ndipo anapatsa anthu akuda maudindo mu mpingo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi anthu amene anali asanamangepo nyumba yotero, chilipobe mpaka lero.

Mmodzi mwa ophunzira a pa mishoniyo anali Harry Kambwiri Matecheta, Myao. Iye anatumidwa kwa Angoni ku Nthumbi, m'boma la Ntcheu, loyandikana nafe. Masiku amenewo pakati pa Angoni ndi Ayao panali mbiri ya nkhondo. Iye anakhalabe pakati pawo zaka zambiri, akuphunzitsa sukulu ndi kulalikira, ndipo mu 1911 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha. Awiriwa ndiwo anali abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre.

Kuno ku Neno, ansembe a Katolika a chipani cha Montfort, amene anayambira pa Nzama mu 1901, anatsegula mishoni ya Neno mu 1906. A Seventh Day Adventist anayamba ntchito pa Matandani mu 1908, pambuyo pa Malamulo. A Anglican anali pa Matope, pomwe panali doko la sitima za pa mtsinje wa Shire. Ambiri mwa makolo athu anaphunzira kuwerenga m'sukulu za mipingo imeneyi, ndipo ena mwa ife tinabadwira m'zipatala zawo. Mu 1922 munatuluka Buku Lopatulika lonse m'Chinyanja. Lero tikamawerenga mapemphero a Bahá'u'lláh m'chilankhulo chathu, tikudutsa m'njira imene ena analambula. Mawu onga "chisomo", "chipulumutso" ndi "Ufumu wa Mulungu" tinawapeza atazolowereka kale m'makutu a anthu.

Tisaiwale chinthu chimodzi. Mzungu wa pa mishoni anali mmodzi kapena awiri, koma midzi inali mazana. Amene anayenda pansi kukatsegula sukulu za m'midzi, kugona m'nyumba za eni ndi kudya chimene eni mudzi ankadya, anali aphunzitsi ndi akatekisiti akuda. Ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse.

Mafunso:
1. Kodi chinasiyanitsa amishoni oyamba a ku Blantyre ndi Scott chinali chiyani?
2. Matecheta anafunika makhalidwe otani kuti akhale pakati pa anthu amene sanali a mtundu wake?
3. M'banja mwanu, ndani anayamba kuwerenga, ndipo anaphunzira kuti?

Gawo 4: Mpingo wa anthu a paulendo

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi moyo wathu wa lero ndi cha makolo athu amene ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ankayenda pansi masabata ambiri, kudutsa ku Tete, kukafika ku Salisbury, m'migodi ndi m'mafamu. Kumeneko anali alendo, osadziwa Chishona, ogona m'makomboni. Akhristu mwa iwo anayamba kusonkhana okha kupemphera m'Chinyanja m'busa asanafike. Mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland inatumiza m'busa T.C.B. Vlok ku Salisbury kuti akawatumikire. Ntchito imeneyi inakula mpaka kukhala sinodi payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP.

Taonani kuti mpingowu sunayambe ndi pulani ya ku likulu. Unayamba ndi anthu ophika m'nyumba za azungu, olima m'mafamu ndi okumba m'migodi, amene sanasiye chikhulupiriro chawo pa chipata cha dziko. Koma pali funso limene gulu lililonse la anthu a paulendo limakumana nalo: kodi tikhala gulu la anthu a kwathu okha, loimba nyimbo za kwathu ndi kukumbutsana za kumudzi, kapena titsegula khomo kwa eni dera ndi kwa alendo anzathu a mitundu ina? Kusonkhana ndi a kwanu n'kokoma ndipo kumatonthoza. Koma ana obadwira kumeneko amakula akulankhula chilankhulo cha kumeneko, ndipo gulu limene silinaphunzire kulandira anthu ena limakalamba pamodzi ndi amene analiyambitsa.

M'bahá'í wa ku Ligowe kapena ku Chifunga akapita kukakhala ku Bangwe kapena ku Johannesburg, funso lomweli likumudikira.

Mafunso:
1. Tchulani abwenzi a m'dera lathu amene anasamukira m'tauni. Kodi tikudziwa ngati akupitiriza kutumikira? Tinawathandizapo bwanji asananyamuke?
2. Gulu lingatani kuti likhale potonthozera a kwawo komanso lotseguka kwa ena?

Gawo 5: Abahá'í oyamba

M'zaka za 1916 ndi 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, 'Abdu'l-Bahá analemba makalata opempha abwenzi kuti afalikire m'maiko onse, kuphatikizapo a mu Afirika. Mu 1953 Shoghi Effendi anayambitsa ntchito ya zaka khumi yofikitsa Chikhulupiriro kumadera kumene chinali chisanafike. Chaka chomwecho Enoch Olinga wa ku Uganda anapita ku Cameroon, ndipo Mmalawi mnzathu Dunduzu Chisiza, amene anamva za Chikhulupiriro ali ku Uganda, anapita ku Ruanda-Urundi pamodzi ndi Rex ndi Mary Collison.

Mu 1953 momwemo Enayat Sohaili anafika ku Nyasaland kuchokera ku India. Iye ndi Dudley Smith Kumtendere, M'bahá'í woyamba wa kuno, ankachita Phwando la Masiku 19 usiku kutchire, chifukwa masiku a atsamunda anthu osiyana khungu sankaloledwa kucheza momasuka. Ankapemphera, kukambirana, kudya mabisiketi, kenako aliyense n'kulowera kwake. Patangotha zaka 17, mu 1970, Bungwe la Uzimu la Dziko la Malawi linasankhidwa koyamba.

Anthu awiri, a mitundu iwiri, mumdima. Umodzi wa mtundu wa anthu, umene ndi phata la ziphunzitso za Bahá'u'lláh, kuno kwathu unayamba kuoneka motero. Nthawi zina timadandaula kuti pa msonkhano wathu wa mapemphero pabwera anthu anayi okha. Tizikumbukira Phwando la kutchire lija.

Gawo 6: Tsiku limene ndinapambana mkangano

Ndikuuzeni kulakwa kwanga, kuti mwina inu musakubwereze. Zaka zingapo zapitazo ndinkachita lendi pa malo ena a malonda m'boma lathu lino, ndipo ndinayambitsa kalasi ya ana pansi pa mtengo wa mango. Aneba anga anali mkulu wa mpingo. Anandilola kuphunzitsa ana awo atatu, ndipo mayi a m'nyumbamo ankatibwereka mphasa. Anawo akabwera, a nyumba zina ankatsatira, mpaka kalasi inafika ana khumi ndi anayi.

Madzulo ena tili pa bawo, bambowo anandifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi inu mumati chiyani pa za kubweranso kwa Ambuye?" Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza Buku 4, ndipo mutu wanga unali utadzaza. Ndinayamba kuwaponyera mavesi a m'Baibulo lawo lomwe, limodzi pambuyo pa linzake. Akati ayankhe, ndinkawadula. Panali amuna ena anayi, ndipo akazi awo ankamvera ali kukhitchini. Potsiriza anangokhala chete, natolera nkhomo za bawo, nati, "Zikomo, tamva." Ine ndinapita kukagona ndili wokondwa, ndikuganiza kuti ndaphunzitsa Chikhulupiriro.

Sabata yotsatira ana awo sanabwere. Ena asanu ndi mmodzi sanabwerenso. Mphasa ija sinatulukenso. M'deramo munamveka zoti Abahá'í amayamba ndi nyimbo za ana, koma cholinga chawo n'kuba nkhosa za eni.

Zimene ndinanena tsiku lija ndimazikhulupirira mpaka lero. Kulakwa kwanga kunali kwakuti ndinachititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa anzake ndi banja lake. Iwo anafunsa funso limodzi, ine ndinayankha khumi. Sindinawafunse n'komwe kuti iwo amakhulupirira zotani, ndiponso kuti chiyembekezo chimenecho chawathandiza bwanji m'moyo wawo. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti tikhale ndi anthu a zipembedzo zonse mwaubwenzi ndi mwachikondi, amaletsa mikangano, ndipo amatiuza kuti tipereke choonadi mwaulemu ndi mokoma mtima, n'kumusiya munthuyo asankhe yekha. Zonsezi ndinali nditaziloweza, koma pa bawo paja sindinazichite.

Panapita miyezi isanu ndi itatu tikungopatsana moni wa pamsewu. Kenako m'deramo munagwa maliro, ndipo tinapezeka tonse kumanda m'mamawa. Pobwerera ndinawatengera pambali n'kunena kuti, "Bambo, tsiku lija ndinalakwa. Ndinalankhula ngati mwana wosaleredwa. Mundikhululukire." Anaseka pang'ono, nati, "Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ana awo anabwereranso. Bambowo ndi mkulu wa mpingo wawo mpaka lero, ndipo nthawi zina amabwera pa mapemphero athu n'kupereka pemphero lawo. Funso lija tinadzalikambirananso, awiriwiri, iwo atayambitsa okha.

Mafunso:
1. Mukanakhala ine, mukanayankha bwanji funso la bambowo popanda kubisa chimene mumakhulupirira komanso popanda kuwanyoza?
2. Kodi ana asanu ndi anayi aja anataya chiyani chifukwa cha lilime la mphunzitsi wawo?

Gawo 7: Pomwe tikufanana ndi pomwe tikusiyana

Kwa Akhristu amene tawerenga nkhani zawo tikuphunzira zinthu zinayi: kukhala pakati pa anthu nthawi yaitali, kuphunzira chilankhulo chawo, kuyambira m'nyumba, ndi kupereka udindo msanga kwa eni dera. Timalemekeza Yesu Khristu monga Mthenga wa Mulungu, ndipo munthu sangakhale M'bahá'í akumukana. Choncho Mkhristu wokhulupirika si mdani woti timugonjetse. Ndi mnzathu pa ntchito yokonza dera.

Koma njira yathu ili ndi pake posiyana. M'Chikhulupiriro cha Bahá'í mulibe abusa kapena ansembe. Palibe amene adzatumizidwe kuchokera kutali kudzatigwirira ntchito. Udindo wophunzitsa uli pa aliyense, mlimi, wogeni, mwana wa sukulu, gogo. Makalasi a ana, magulu a achinyamata achichepere, magulu ophunzira ndi misonkhano ya mapemphero ndi zotseguka kwa onse, ndipo palibe amene amauzidwa kuti ayambe wasiya mpingo wake kuti alowemo. Sitikopa munthu ndi ufa, sopo kapena lonjezo la ntchito, ndipo thumba la Chikhulupiriro limalandira zopereka kwa Abahá'í okha. Aliyense ayenera kufufuza choonadi payekha. Akafuna kukhala M'bahá'í timamulandira ndi chimwemwe, ndipo sitichita manyazi kumuitana. Akapanda kufuna, ubwenzi sutha.

Tisabisenso kuti ndife ndani. Tikamayambitsa kalasi ya ana, makolo ndi amfumu adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti maphunzirowa achokera m'ziphunzitso za Bahá'u'lláh, aone mabuku, ndipo abwere adzamvere. Chobisika ndicho chimabala mphekesera.

Ntchito: Lembani "inde" pa zimene zikugwirizana ndi mzimu wa kuphunzitsa, ndi "ayi" pa zimene sizikugwirizana. Fotokozani chifukwa chake.
___ Kuyendera banja la Chisilamu ndi kufunsa nthawi imene singasokoneze swala yawo.
___ Kuika kalasi ya ana Loweruka m'mawa m'dera limene mabanja ambiri ndi a Seventh Day.
___ Kuuza mnzanu kuti mpingo wake unatha ntchito.
___ Kupempha mayi wa Chilhomwe kuti apemphere m'chilankhulo chake pa msonkhano wa mapemphero.
___ Kusatchula dzina la Bahá'u'lláh poopa kuti anthu athawa.
___ Kusiya kuyendera munthu chifukwa wanena kuti sadzakhala M'bahá'í.
___ Kupita kumaliro ndi kuukwati wa aneba a mpingo wina n'kugwira nawo ntchito.

Zochita tisanakumanenso

Tigawane awiriawiri. Awiri aliwonse asankhe nyumba imodzi ya anthu osiyana nawo mtundu kapena chipembedzo, imene sanalowemo. Mukafika, mutatha malonje, funsani eni nyumba za kwawo kumene anachokera, za ana awo, ndi zimene amalakalaka zitasintha m'dera lino. Mverani kwambiri kuposa kulankhula. Akalola, pempherani nawo, inu pemphero lanu, iwo lawo. Musalonjeze chimene simudzachita, koma mukanena kuti mubweranso Lachinayi, bwereraninso Lachinayi.

Aliyense alembenso dzina la mnzathu mmodzi amene anasamukira m'tauni kapena kunja, amuimbire foni sabata ino, amufunse m'mene akukhalira, ndiponso ngati akudziwa Abahá'í a kumene aliko.

Tikadzakumana, theka la ola loyamba lidzakhala lomvetsera zimene mwapeza, zokoma ndi zowawa zomwe. Zimenezo ndizo tidzapite nazo ku msonkhano wounikira ntchito kumapeto kwa miyezi itatu ino. Amene ali ndi pemphero la umodzi atitsekere.